Mafuta obweza ukalamba: phindu lake lili pati?

Tsiku lina ndikukwera minibasi pa Golomoti, kondakitala anakuwa kuti, "Apatseni malo agogowa!" Ndinacheuka kuti ndione agogowo, koma kumbuyo kwanga kunalibe munthu. Amanena ine. Ulendo wonse mpaka ku Mtakataka ndinali ndikuganiza za imvi zanga, ndipo mpamene ndinamvetsa chifukwa chake benchi ya zodzoladzola sisowa anthu ngakhale ndalama itavuta chotani.

Inu amene mumapikula katunduyu mukudziwa kuti kasitomala wa masiku ano amabwera ndi foni m'manja. Amakuonetsani chithunzi cha pa Facebook kapena WhatsApp, nkhope yosalala ngati dzira, n'kunena kuti, "Ndikufuna amene andifikitse apa." Chithunzicho chinakonzedwa ndi foni, ndipo mwini wake mutakumana naye pamsewu simungamuzindikire. Koma wogula safuna kumva zimenezo. Akufuna makwinya achoke, imvi zide, khungu liyere, zonse pa mtengo wa botolo limodzi.

Vuto lagona pa zimene zili m'botolomo. Mafuta ambiri obulitchira amakhala ndi chimodzi mwa zinthu zitatu: hydroquinone, mercury, kapena mankhwala amphamvu a gulu la steroid monga clobetasol ndi betamethasone. Awiri omalizawa ndi mankhwala enieni a nthenda za pakhungu, ofunika kulemberedwa ndi dokotala, ndipo oyang'anira kagulitsidwe ka mankhwala m'dziko muno ndi a Pharmacy and Medicines Regulatory Authority. Kuwayala pa chiguduli pambali pa sopo ndi zipeso ndiko kudziitanira mlandu. Mercury imalowa m'thupi n'kukawononga impso, komanso imatha kufika kwa mwana amene ali m'mimba. Hydroquinone imayeretsa poyamba, koma munthu akaidzola nthawi yaitali m'masaya mumatuluka zigamba zakuda bii zimene sizichoka wamba. Dziko la South Africa linaletsa hydroquinone m'zodzoladzola mu 1990, ndipo Rwanda inayamba kulanda mafuta otere m'misika kumapeto kwa 2018.

Kuno kwathu kunsi kwa mapiri a Dedza nkhani imakula chifukwa cha dzuwa. Kuda kwa khungu ndiye chishango chake. Mayi amene wabulitcha n'kukakhala tsiku lonse pa msewu wa M5 akugulitsa mango kapena usipa mu Okutobala, amapsa msanga kuposa mnzake wa ku Dedza boma kumene kumazizira. Khungu limapyapyala, misempha imaonekera, chilonda chimachedwa kupola. Amene amagula mafuta kuti abweze ukalamba amapezeka waufulumizitsa. Akuluakulu akukumbukira nthabwala ya kale ija ya nkhope ya Fanta, miyendo ya Coca-Cola.

Tsono tiwerengere ngati amalonda. Msika wa kumudzi si wa mumzinda woti wogula mumamuona kamodzi. Amene mwamugulitsa lero ndi mlamu wa mnansi wanu, mudzakumana pamaliro, pachigayo ndi kutchalitchi. Nkhope ikawonongeka sadzatchula fakitale ya kunja, adzatchula dzina lanu, ndipo anzake asanu adzasiya kugula kwa inu ngakhale sopo amene. Onjezanipo kuti katunduyu ndi wochokera kunja. Chitsikireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mpamba wake ndi wolemera, ndipo akakhala padzuwa masabata angapo amasungunuka, kulekana madzi ndi mafuta, n'kusintha fungo. Botolo lotero ndi ndalama yotayika.

Popikula, werengani pa botolo. Ngati palibe mndandanda wa zimene zilimo, dzina la wopanga kapena tsiku lothera ntchito, lisiyeni ngakhale akutsitsireni mtengo. Chenjeraninso ndi mafuta osakaniza othira m'timabotolo topanda dzina.

Za mankhwala odetsa imvi sindingakuletseni, nanenso ndinayesapo. Koma ambiri akuda aja amakhala ndi PPD, imene ena imawatupitsa nkhope ndi kuwatulutsa matuza m'mutu. Muuzeni wogula apake pang'ono kuseri kwa khutu, adikire masiku awiri asanathire mutu wonse. Mawu amenewo sakudyerani kanthu.

Chimene chimayenda chaka chonse n'chosachititsa kaso: Vaseline, glisarini, sopo wosakhala waukali, zipewa za khonde, maambulera, mipango. Phindu pa chimodzi ndi lochepa, koma sizikubwezerani madandaulo, ndipo agogo ndi mdzukulu amagula zomwezo.

Mukadzapita ku Mua, kalowe m'nyumba yosungiramo za chikhalidwe ya Chamare pa KuNgoni, malo amene anayambitsa Bambo Claude Boucher mu 1976. Pakati pa zigoba za Gule Wamkulu mukafunse za Chadzunda. Nkhope yake ndi yakuda, yamakwinya, mano ena anaguluka, ndipo amalowa m'bwalo motsimphina. Komabe ndiye tate wa zilombo, ndipo ng'oma ikakolera amavina mpaka fumbi koboo. Ine nditamuona ndinasiya kugula mankhwala a imvi, ndalamayo ndimaonjezera pa oda ya zipewa. Kondakitala uja akupitirizabe kunditchula agogo, ndipo mpando wakutsogolo amandisungira.