Malonda a zipangizo zomangira pa foni m'makomboni a Lusaka

Malonda a zipangizo zomangira ndi kukonzera nyumba mu Lusaka ayamba kuchitikira pa foni. Simenti, malata, matailosi, penti, zitseko ndi mapaipi, zimene kale munthu ankaziyendera wapansi sitolo ndi sitolo, tsopano amaziona pa Facebook, kufunsa mtengo pa WhatsApp, kulipira pa Airtel Money kapena MTN MoMo, n'kudikira galimoto kunyumba. Makampani akuluakulu a hadiweya ngati Micmar ali ndi masamba awo pa intaneti, koma gawo lalikulu la malondawa lili m'manja mwa eni timasitolo, owotcherera zitsulo, akalipentala ndi oumba mabuloko a m'makomboni. Kukula kwake kumamveka bwino munthu akayamba waona mmene nyumba ya m'komboni imamangidwira.

Marapodi, komboni ya kumpoto kwa mzinda pafupi ndi Mandevu ndi Chaisa, ili ndi mbiri ya zomangamanga m'dzina lake lenilenilo. Dzinali linachokera kwa Mtaliyana wina, Marrapodi, amene ankawotcha laimu ndi njerwa Lusaka akadali kamudzi ka pa njanji. Makomboni ambiri anayamba chonchi, ngati misasa ya antchito pa minda ndi pa migodi ya miyala ya azungu, ndipo boma linkawaona ngati malo osaloledwa. Zinasintha mu 1974, pamene lamulo la Housing (Statutory and Improvement Areas) Act linalola khonsolo kupereka chilolezo chokhala pamalo kwa zaka 30, ndipo ntchito yokonza Chawama, George, Chaisa ndi Chipata inayamba ndi ngongole ya World Bank. Munthu akadziwa kuti nyumba yake sigwetsedwa, amalimba mtima kugwetsa yekha khoma la dothi n'kuika la mabuloko. Msika wa zipangizo zomangira m'makomboni unamera pamenepo.

Lero anthu pafupifupi asanu ndi awiri mwa khumi alionse a mu Lusaka amakhala m'makomboni, ndipo kalembera wa 2022 anapeza anthu oposa 2 miliyoni m'boma la Lusaka. Ochepa kwambiri mwa iwo amamanga ndi ngongole ya banki. Nyumba imakwera pang'onopang'ono: mwezi uno matumba asanu a simenti, chilimba ikagwa mabuloko 200, chaka chamawa malata. Mwini puloti akatsiriza chipinda chimodzi amalowamo, kenako amawonjeza mdadada wa zipinda za lendi kumbuyo, ndipo ndalama ya lendiyo ndi imene imagula penti ndi matailosi a nyumba yaikulu. Wogula wotereyu amagula zochepa koma kawirikawiri, ndipo kwacha iliyonse amaiwerenga.

Phindu loyamba la foni kwa iye ndi kudziwa mtengo. Kale kuti afananize mitengo ankakwera basi kupita ku Buseko kukaona matabwa, kubwerera m'tauni kukafunsa malata, kenako ku Kalingalinga, kumene m'mbali mwa msewu wa Alick Nkhata mwandanda mafelemu a zitseko ndi mawindo, mageti, mabuloko ndi milu ya miyala yoswa. Tsiku lonse linkatha, ndalama ya basi n'kudya gawo la ndalama ya misomali. Tsopano amatumiza funso limodzi kwa ogulitsa asanu ali khale pantchito. Nkhani ya mtengo si yaing'ono m'dziko muno. Simenti imachokera ku makampani ochepa, monga Chilanga Cement, imene inayamba mu 1949, Dangote imene inatsegula fakitale ku Masaiti mu 2015, ndi Sinoma ya ku Chongwe. Mu 2021 bungwe loteteza ogula la CCPC linalipiritsa chindapusa makampani ena a simenti chifukwa chogwirizana kukweza mtengo. Pamene opanga ndi ochepa chotero, mphamvu yokha imene yatsala kwa wogula wamng'ono ndiyo kudziwa amene akugulitsa motsika sabata imeneyo.

Kwa wogulitsa, foni yachotsa khoma la sitolo. Wowotcherera wa ku Mtendere amene kale ankadalira odutsa pamsewu amajambula geti limene wamaliza, kuliika pa intaneti, ndipo oda imabwera kuchokera ku Chalala kapena Silverest, kumene nyumba zatsopano zikumera. Ena alibe ngakhale shedi. Amatenga zithunzi za katundu wa m'masitolo a ena, kuwonjeza kangachepe pa mtengo, ndipo oda ikabwera amathamanga kukagula n'kukapereka. Mliri wa Covid-19, umene unafika mu Zambia mu Marichi 2020, unazoloweretsa anthu ambiri kulipira pa foni, ndipo timabuthu ta mobile money tadzaza m'misika ndi m'masiteshoni. Palinso ogula amene sali mu Lusaka n'komwe: mwana wa pakhomo amene ali ku Johannesburg kapena ku London amasankha matailosi pa chithunzi, kulipira sitolo mwachindunji, ndipo amayi ake ku Matero amangolandira katundu. Njirayi imatha kuchepetsa mikangano ya m'mabanja yokhudza ndalama yomangira imene inatumizidwa koma sinafike pa khoma.

Vuto lalikulu ndi kulemera kwa katunduyo. Amazon, kampani ya malonda a pa intaneti, inayamba kugulitsa mu 1995 ndi mabuku, chinthu chopepuka chimene positi imanyamula. Thumba la simenti ndi makilogalamu 50, ndipo matumba 40 ndi matani awiri, katundu wa Canter yathunthu. Wogula matumba atatu sangalipire Canter, choncho mtengo wotsika umene anaupeza ku Chawama umatha mphamvu akawonjeza ndalama yonyamulira kufika ku Marapodi, ndipo amabwerera kwa wa hadiweya wa pakona, amene amamudziwa dzina ndiponso amatha kumukongoza. M'kati mwa komboni misewu yambiri ilibe maina, nyumba sizipezeka ndi nambala, ndipo dalaivala amalondoleredwa pa foni: apitirire tchalitchi, akhote pa mpope wa madzi, afunse pa kantemba kobiriwira. Galimoto ikalephera kulowa, katundu amatsirizidwa ndi anyamata a wilibala. Nthawi ya mvula ku Kanyama, kumene thanthwe lili pafupi ndi nthaka ndipo madzi sachedwa kudzaza, simenti imatha kunyowa isanafike pakhomo, ndipo funso la amene alipire limasanduka mlandu.

Vuto lachiwiri ndi lakuti chithunzi sichionetsa kulimba. Lata la mamilimita 0.25 ndi la 0.4 amaoneka chimodzimodzi pa foni, koma loyambalo limapindika munthu akaliponda pokhoma. Buloko imene inaumbidwa ndi simenti yochepa imadziwika poigwetsa pansi kapena poikanda ndi msomali. Thabwa la mukwa louma ndi laliwisi amasiyana polinyamula. N'chifukwa chake m'makomboni mmisiri womanga akadali pakati pa malondawa. Mwini nyumba amapeza mtengo pa foni, koma amatuma bilikileya wake kukagwira katunduyo ndi manja ndalama isanatumizidwe. Penti ya m'ndowa yomata, masinki, maloko, mawaya a magetsi ndi mapanelo a sola, amene anafunidwa kwambiri pamene chilala cha 2024 chinachepetsa madzi ku Kariba n'kuzimitsa magetsi maola ambiri, ndi zimene zimayenda bwino pa intaneti, chifukwa dzina la kampani ndi muyeso wake zimakwanira kuzidziwa.

Akuba nawo alowapo. Amatsegula tsamba lokhala ndi dzina lofanana ndi la kampani yodziwika, kulengeza simenti yotsika mtengo modabwitsa, kupempha theka la ndalama, kenako foni n'kuzima. Kwa banja limene linasonkha chaka chonse, kutaya kotereku kumaimitsa nyumba pa lintala kwa nyengo yaitali. Zambia ili ndi lamulo la malonda a pa intaneti, Electronic Communications and Transactions Act la 2021, ndipo bungwe la ZICTA limafuna kuti simu khadi iliyonse ilembetsedwe ndi chiphaso, koma kubweza ndalama yobedwa kumatenga nthawi. Ogulitsa amene akula ndi amene avomereza kulipidwa katundu akafika, amene amapereka lisiti, ndiponso amene ali ndi sitolo kapena yadi imene wogula angaipeze ndi mapazi. Ena mwa iwo asiya kudalira galimoto imodzi yochokera m'tauni, ndipo amagwirizana ndi timasitolo ta m'makomboni momwemo kuti oda yolandiridwa pa foni ituluke pa shedi yapafupi ndi nyumba ya wogula.