Kuthowa ndi zitsamba ku Thailand: luso limene alendo amalipira kuti aphunzire

Mlimi amene watha tsiku lonse akupalira kapena kusenza matumba a mbatatesi amadziwa mmene msana umawawira dzuwa likalowa. M'midzi ya ku Angónia, Tsangano ndi Macanga chithandizo choyamba chimadziwika kale: madzi otentha, kansalu, ndi munthu wa pakhomo woti athowe pamene pakupweteka. Ku Thailand, dziko la kum'mwera chakum'mawa kwa Asia, kuthowa komweku ndi luso lochita kuphunzira. Alendo ochokera kutali amalipira ndalama kuti akhale pansi, asinje mizu ndi masamba mu mtondo, kenako amange okha kaphukusi kothowera. Eni dzikolo amakatcha luk pra kob.

Nkhaniyi ikukhudza alimi a m'malire pa zifukwa 2. Choyamba, zambiri mwa zomera zimene zimalowa m'kaphukusiko zimamera m'madimba ndi m'tchire la kuno komwe. Chachiwiri, anthu amene amayenda maulendo amabwera ndi mizu ndiponso malangizo, ndipo zonsezi zingathe kuthandiza kapena kuvulaza.

Zimene zimalowa m'kaphukusi

Chomera chimene chimachuluka kuposa zonse ndi plai. Ndi muzu wa m'banja limodzi ndi jinja, mkati mwake ndi mwachikasu, ndipo uli ndi mafuta onunkhira amene anthu a ku Thailand akhala akupaka pa minofu yowawa ndi pamene munthu wabinya. Pambuyo pake pamabwera muzu wa chikasu, uja umasintha mtundu wa ndiwo. Amathiramonso udzu wa mandimu, umene m'madera ambiri a Mozambique umadziwika ndi dzina loti balakate ndipo anthu amaumwa ngati tiyi. Palinso makoko a makrut, mtundu wa mandimu a khungu lokhakhala, ndi masamba a bwemba, mtengo umene wadzaza m'chigwa cha Zambezi. Pomaliza amathira mchere pang'ono ndi kanfora.

Aphunzitsi amafotokoza ntchito ya chilichonse. Plai ndi chikasu ndi za minofu ndi molumikizana mafupa. Balakate ndi makoko a makrut zimapereka fungo. Masamba a bwemba ndi owawasa pang'ono ndipo amati amayeretsa khungu. Mchere amati umathandiza kusunga kutentha. Kanfora imachititsa khungu kumva kuzizira kosakanikirana ndi kutentha, monga mmene amachitira mafuta opaka a m'timabotolo tating'ono amene amagulitsidwa m'misika.

Mmene phunziro limayendera

Maphunzirowa amapezeka m'mizinda ngati Bangkok ndi Chiang Mai, m'masukulu ophunzitsa kutikita thupi, m'minda yolandira alendo, ndi m'midzi imene magulu a amayi amachita malonda a zitsamba. Ambiri amatenga maola ochepa okha, m'mawa kapena masana.

Kawirikawiri phunziro limayambira m'munda kapena pa tebulo loyalidwa zomera. Mlendo amagwira chomera chilichonse, amachifikisa m'manja ndi kuchinunkhiza, kuti adzathe kusiyanitsa plai ndi jinja, chifukwa kunja zimafanana. Kenako amatsuka mizu bwinobwino kuti dothi lichoke, amaidula tizidutswa, ndi kuisinja mu mtondo. Samasinja mpaka kukhala phala. Amangoiphwanya kuti mafuta atuluke, chifukwa zikafewetsetsa madzi ake amadontha ndipo kaphukusi sikalimba. Mchere ndi kanfora amathira kumapeto, poti kanfora imauluka msanga ikakhala pa mphepo.

Pamene alendo ambiri amavutika ndi pomanga. Zosakanizazo amaziika pakati pa nsalu ya thonje ya mbali zofanana, pafupifupi masentimita 35 mbali iliyonse. Amasonkhanitsa ngodya zonse pamwamba, amakanikiza mpaka zitaumbika ngati mpira wokula ngati lalanje lalikulu, kenako amamanga ndi chingwe pakhosi. Nsalu yotsala pamwamba amaipinda ndi kuikulunga ndi chingwe chomwecho mpaka ikhale chogwirira cholimba. Kaphukusi kakakhala kolobodoka kamabalalika pothowa, ndipo chogwirira chikakhala chachifupi dzanja limapsa.

Akamanga amakaika pamwamba pa mphika wa madzi owira, mu chotengera cha zibowo kapena mu dengu la nsungwi, kuti katenthedwe ndi nthunzi kwa mphindi 10 mpaka 15. Sakaviika m'madzi. Ngati zitsambazo zili zouma amayamba akawaza madzi. Nthawi zambiri amakonza timaphukusi 2, kuti kena kazitentha pamene kena kakugwira ntchito.

Asanakaike pa thupi la munthu, wothowa amakayesa pa mkono wake, mbali ya mkati kumene khungu ndi lofewa. Kakadali kotentha kwambiri amangogunditsa mofulumira ndi kuchotsa, kapena amayala kansalu pakati. Kakamazizira m'pamene amakanikiza ndi kukazunguliza pang'onopang'ono m'mapewa, pamsana, m'chiuno ndi m'mawondo. Alendo amayeserera pa anzawo, ndipo pomaliza aliyense amatenga kaphukusi kamene wamanga.

Chifukwa chake kamathandiza, ndi pamene kamalekezera

Mphamvu yaikulu ya luk pra kob ndi kutentha konyowa. Kutentha kumafutukula timitsempha ta magazi ta pansi pa khungu, magazi amayenda ambiri pamalopo, ndipo minofu yokungika imamasuka. Kukanikiza kumawonjezera, ndipo mafuta a zitsamba ndi fungo lake zimathandiza munthu kumva kupepukidwa. Ku Thailand zipatala zambiri za boma zili ndi chipinda cha mankhwala achikhalidwe, kumene amathowa anthu omva kuwawa kwa minofu ndi mawondo. Amayi amene angobereka kumene amathowedwanso, monga mbali ya mwambo wawo wotchedwa yu fai, wosunga mayi pofunda akachira.

Aphunzitsi odziwa ntchito amatchulanso zoletsedwa. Munthu akabinya kapena kugwa, sathowedwa ndi chotentha m'maola 24 oyamba, chifukwa kutentha kumawonjezera kutupa. Nthawi imeneyo pamafunika chozizira. Sathowa pa bala, pa chithupsa kapena pa khungu la zidzolo. Odwala matenda a shuga, anthu amene anafa ziwalo, ndi amene anadwalapo khate angathe kupsa osamva, chifukwa khungu lawo silimva bwino kutentha. Ana ndi okalamba ali ndi khungu lopyapyala lomwe limapsa msanga. Mayi woyembekezera ayenera kufunsa kaye ku chipatala. Kanfora ndi poizoni ikamezedwa, ndipo pang'ono pokha ingachititse mwana kukomoka ndi kuphupha, choncho iyenera kusungidwa patali ndi ana.

Chofunika kwambiri kwa anthu a m'madera a udzudzu ndi ichi: kuphwanya m'thupi kobwera ndi kutentha thupi, litsipa kapena kunjenjemera kungakhale malungo. Kaphukusi ka zitsamba sikachiza malungo. Sikalumikiza fupa lothyoka, sikachotsa ululu wa njoka, ndipo sikathetsa kutupa miyendo ndi nkhope kwa mayi wapakati. Wothowa munthu wotere m'malo mopita naye kukayezedwa amangotaya nthawi imene ikanamupulumutsa.

Kumene luso linachokera

Ku Bangkok kuli kachisi wa Abuda wotchedwa Wat Pho. M'zaka za m'ma 1830, Mfumu Rama III inalamula kuti nzeru za mankhwala ndi za kutikita thupi zilembedwe pa miyala ya m'kachisiyo, kuti aliyense wofuna athe kuwerenga ndi kuphunzira. M'chaka cha 1955 pamalopo panatsegulidwa sukulu ya mankhwala achikhalidwe ndi kutikita thupi, imene mpaka pano imaphunzitsa eni dziko ndi alendo omwe. Mu Disembala 2019 bungwe la UNESCO linaika kutikita thupi kwa ku Thailand, kotchedwa Nuad Thai, pa mndandanda wa miyambo yofunika kwa anthu onse. Ndi mndandanda womwewo umene Gule Wamkulu wa ku Malawi, Mozambique ndi Zambia analowapo mu 2008.

Dziko la Indonesia lili ndi zofanana nazo. Kumeneko alendo amaphunzira kukonza jamu, zakumwa zopangidwa ndi chikasu, bwemba, jinja ndi zina. Jamu inalowa pa mndandanda wa UNESCO mu Disembala 2023, pa msonkhano umene unachitikira ku Kasane m'dziko la Botswana.

Komabe phunziro la maola ochepa silisandutsa munthu sing'anga. Ku Thailand komweko, wofuna kuchiza anthu ndi mankhwala achikhalidwe amaphunzira kwa zaka, amalemba mayeso, ndipo amapatsidwa chiphaso motsata lamulo. Kapepala kamene mlendo amalandira pomaliza phunziro kamangosonyeza kuti anakhalapo. Munthu wobwera ku ulendo n'kuyamba kulipiritsa odwala poonetsa kapepala kotere ndi woyenera kumukayikira.

Zobwera nazo podutsa malire

Kaphukusi ka zitsamba zaziwisi sikakhalitsa. Kamasungika masiku ochepa m'firiji, ndipo pamalo potentha kamachita nkhungu msanga. Kakayamba kununkha mowola kapena fungo likatha, katayidwe. N'chifukwa chake zogulitsa kwa apaulendo zimakhala za zitsamba zouma, zomwe zimatha miyezi zikasungidwa mu pulasitiki yotseka bwino.

Vuto lalikulu limabwera pamene mlendo wakopeka ndi muzu wa plai n'kuubisa m'chikwama kuti akadzale kwawo. Mizu, mbewu ndi dothi zimanyamula matenda osaoneka ndi maso. Jinja ndi abale ake amagwidwa ndi matenda onyalitsa mbewu amene amayenda ndi mizu yobzala, ndipo tizilombo ta mtundu womwewo ndi timene timanyalitsa mbatatesi ndi tomato. Kwa alimi a ku Angónia ndi Tsangano, amene ambiri amadalira mbatatesi, muzu umodzi wodwala ungaipitse munda kwa zaka, poti tizilomboto timatsalira m'nthaka. Dziko lino linaona kale zotere: mu 2013 mtundu woopsa wa matenda a nthochi otchedwa Panama, umene unasakaza minda ku Asia, unapezeka m'chigawo cha Nampula. Ndicho chifukwa chake lamulo limafuna kuti zomera zamoyo zolowa m'dziko zikhale ndi chilolezo ndiponso chikalata chosonyeza kuti zinayezedwa. Lamuloli limagwiranso ntchito pa zipata za Zóbuè, Calómuè ndi Cassacatiza, osati pa bwalo la ndege pokha.

Kusintha zomera kumafunanso kusamala. Kumene plai sapezeka, ena amaika jinja m'malo mwake, koma jinja amanyereza kwambiri pa khungu ndipo safunika wambiri. Si tsamba lililonse lonunkhira limene lingalowe m'kaphukusi. Utomoni wa nkhadze umawotcha khungu ndipo ukalowa m'maso umavulaza koopsa. Chosakaniza chilichonse chatsopano chiyenera kuyesedwa kaye pa kamalo kakang'ono ka pa mkono, n'kudikira tsiku limodzi kuti aone ngati khungu silikuyabwa kapena kufiira.

Zimene mlimi angatolepo

Mizu ndi masamba zimene mlendo amasinja ku Chiang Mai ndi zotchipa pa msika wa kumeneko. Ndalama imene amalipira ndi ya nthawi ya mphunzitsi, ukhondo wa pamalo, ndi kufotokoza momveka chimene chomera chilichonse chimachita ndi chimene sichichita. Magulu a m'midzi amene amachita bwino pa malondawa amatsuka zitsamba ndi madzi oyera, amazidula mopyapyala, amaziyanika pa thandala osati pansi, amazisunga pouma, ndipo amalemba pa phukusi zimene zili mkati ndi tsiku limene anakonza.

Gulu la alimi la kuno limene lili ndi balakate m'mphepete mwa dimba, jinja, chikasu ndi masamba a bwemba lili kale ndi zambiri zofunika, kuphatikizapo mtondo ndi munsi. Koma lisanayambe kugulitsa liyenera kukambirana ndi mlangizi wa zaulimi pa za kaumitsidwe ndi kasungidwe, ndiponso ndi a zaumoyo a m'boma lawo pa zimene lamulo limalola kulemba pa phukusi. Unduna wa Zaumoyo uli ndi nthambi yoona za mankhwala achikhalidwe, ndipo asing'anga ali ndi bungwe lawo la AMETRAMO. Tsiku la 31 Ogasiti, limene mayiko a mu Africa amakumbukira mankhwala achikhalidwe chaka chilichonse, ndi mpata wabwino wokumana ndi mbali zonsezi n'kufunsa mafunso.

Kwa banja limene likungofuna kupepuza msana wa bambo kapena mawondo a agogo nthawi yokolola, malangizo a aphunzitsi a ku Thailand ndi osavuta kutsata. Nsalu ikhale yochapa, kaphukusi katenthedwe ndi nthunzi, wothowa ayambe wakayesa pa mkono wake, ndipo ululu ukapitirira masiku angapo kapena ukabwera ndi kutentha thupi, wodwalayo apite ku chipatala.