Nyemba, mbaula ndi mabuleki: Physics imene ndinakaipeza ku Nyika

Pa tchuthi cha nyengo yozizira, ine ndi aphunzitsi anzanga atatu tinapita ku Nyika National Park, kumpoto kwa dziko lino. Tinayenda pa minibasi ya mnzathu, imene tinachotsamo mipando yakumbuyo n'kuyalamo matiresi. Awiri ankagona m'galimoto, awiri mu tenti. Tinadutsira ku Rumphi, n'kulowera pa geti la Thazima mpaka kukafika ku Chelinda, malo amene ali pamtunda wa mamita pafupifupi 2,300 kuchokera pamene pali nyanja yamchere. Ndinkati ndikukapuma ku Physics, koma inandilondola konko.

Choyamba chinali kupuma. Masana tikukwera timapiri ta udzu n'kumaona mbidzi, ndinayamba kupuma mwawefuwefu ngati ndathamanga. Chifukwa chake n'chakuti mpweya umalemera. Mpweya wam'mwamba umapsinja wam'munsi, choncho pansi mpweya umakhala wothinana, ndipo ukamakwera umachepa. Kunyanja yamchere pressure imakhala pafupifupi 101 kPa, pomwe ku Chelinda ili cha m'ma 77 kPa. Ndiye kuti ukapuma kamodzi umakoka magawo atatu okha mwa magawo anayi a oxygen amene ukanakoka pansi. Thupi limalipira ngongoleyo popuma pafupipafupi. Injini ya minibasi nayo imapuma mpweya womwewo, n'chifukwa chake inkalira kwambiri koma mphamvu zochepa.

Madzulo tinatereka nyemba zosanyika. Zinawira, zinawiranso, koma ukalawa, gwa! Mnzanga ankasonkhezera moto, osathandiza. Mukukumbukira zija tinaphunzira zoti madzi amawira pa 100°C, eti? Zimenezo n'zoona pokhapokha pressure ili ya kunyanja yamchere. Madzi amawira pamene nthunzi yake yapeza mphamvu zokankha mpweya umene ukupsinja pamwamba pa poto. Mpweyawo ukachepa, nthunzi imathawa msanga, ndipo ku Chelinda madzi amawira cha pa 92°C. Akangoyamba kuwira satenthanso kuposa pamenepo, ngakhale muwonjezere makala thumba lonse. Chimene chimapsereza nyemba ndi kutentha kwa madzi, osati kubwadamuka kwake. Tinadya nsima ya mazira, nyemba zinadikira mawa.

Kenaka kunabwera chisanu. Mukakwera mamita 1,000 alionse, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6.5. Chachikulu chimene chimachititsa zimenezi n'chakuti mpweya ukamakwera umafutukuka, ndipo pofutukukapo umagwiritsa ntchito mphamvu zake n'kuzizira. Nyanja ya Malawi ili pa mamita ochepera pang'ono 500. Tawerengani nokha: kusiyana kwa mamita 1,800 kukutipatsa madigiri pafupifupi 12. Onjezani apo kuti usiku wopanda mitambo nthaka imataya kutentha kwake kupita kumwamba popanda chotchinga. Mu June ndi July ku Nyika udzu umatha kudzuka utayera ndi madzi oundana.

Cha m'ma 10 koloko usiku, mnzathu wina wamkulu, mano akugundana, ananyamula mbaula nati, "Aphunzitsi, tangotsegulani chitseko tiilowetse, titseke mawindo. Makala apsa kale awa, utsi palibe."

"Pepani achikulire," ndinatero, "imeneyo yokha ayi."

Anakhumudwa, koma apa m'pamene panali nkhani ya moyo ndi imfa. Makala akamayaka pamalo a mpweya wokwanira amatulutsa makamaka carbon dioxide. Oxygen ikachepa, ngati m'galimoto yotseka kapena mu tenti, amatulutsa carbon monoxide wambiri. Mpweya umenewu ulibe fungo, ulibe mtundu, ndipo makala ofiira opanda utsi amautulutsabe. Ukalowa m'magazi umamatirira ku haemoglobin mwamphamvu kuposa oxygen maulendo opitirira 200, ndiye magazi amalephera kunyamula oxygen kupita ku ubongo. Munthu amamva mutu, chizungulire, nseru ndi kufooka. Amene ali m'tulo samva chilichonse, sadzukanso basi. Ndipo pamwamba ngati paja, pamene thupi likusowa kale oxygen, ngoziyo imakula.

Tinathira madzi otentha m'mabotolo olimba, n'kuwakulunga m'masokosi. Tinavala zovala zingapo zopyapyala mophatikiza, chifukwa mpweya wotsekeredwa pakati pa nsalu sulola kutentha kudutsa msanga. A mu tenti anayala makatoni ndi bulangete pansi, poti nthaka yozizira imaba kutentha kwa thupi kuposa mpweya. Windo limodzi tinalisiya lotsegula pang'ono. Mbaula inagona panja.

Phunziro lomaliza linali potsika. Tiyerekeze kuti minibasi, anthu ndi katundu zikulemera makilogalamu 2,500, ndipo ikutsika mamita 1,000. Potential energy ndi mgh: 2,500 × 10 × 1,000, zomwe zikutipatsa ma joule 25,000,000. Mphamvu zimenezi zingatenthetse malita oposa 70 a madzi kuchoka pa 20°C kufika pa 100°C. Mphamvu sizisowa, zimangosintha. Zina zimathera pa mphepo ndi matayala, koma dalaivala akamangoponda buleki njira yonse, zambiri zimasanduka kutentha m'mabuleki. Akatentha kwambiri amasiya kugwira, ndipo brake fluid ikhoza kuwira, phazi n'kumangolowa pansi galimoto osaima. N'chifukwa chake mnzathu anatsika ali pa giya yaing'ono kuti injini ithandize kugwira galimoto. Amene amachotsa giya potsetsereka kuti apulumutse mafuta amasiyira mabuleki katundu yense.

Mwina ku Nyika simupitako posachedwa, koma June akubwera ndipo mbaula ili pakhomo pa aliyense. Mukadzaona wina akuilowetsa kuchipinda n'kutseka mawindo, kaya ndi ku hostel kaya ndi agogo kumudzi, afotokozereni mwaulemu zimene mwawerengazi. Mukapeza munthu wafooka m'chipinda chotero, tsegulani zitseko, mutulutsireni panja msanga ndipo muthamangire naye kuchipatala.

Ntchito ya sabata ino: nsonga ya Sapitwa pa phiri la Mulanje ili pa mamita 3,002. Ngati m'mbali mwa Nyanja ya Malawi kuli 28°C, pa Sapitwa pangakhale madigiri angati? Onetsani njira yonse, osangolemba yankho.