NG'OMBE IDZIWIKE KUMENE YACHOKERA

Mlimi aliyense wa fodya ku Dowa ndi ku Ntchisi adziwa kuti belo silipita ku okushoni lopanda nambala. Mwambo umenewu ngwakale ndithu, pakuti kulembetsa alimi a fodya kunayamba ndi bungwe la Native Tobacco Board, limene Boma la Nyasaland linakhazikitsa mu 1926. Lero belo likatsegulidwa ku Kanengo kapena ku Chinkhoma, napezekamo fodya wowola kapena zinyalala, sipakhala kufunsana kwambiri: nambala iloza mwini wake, ndipo alimi ena amene anakweza fodya wabwino pa galimoto yomweyo apita kwawo opanda mlandu. Ife tifuna kukamba za ng'ombe, koma tayamba ndi belo chifukwa nzeru yake ndi imodzimodzi. Ng'ombe nayo iyenera kukhala ndi chizindikiro chake ndi kalata yake, kuti nthenda ikabuka adokotala a ziweto athe kulondola mapazi ake kufikira pa khola limene inayambira.

Nkhaniyi ikhudza inu achikumbe makamaka m'miyezi ya malonda a fodya. Ndalama zikalowa m'thumba, ambiri aganiza zogula ng'ombe ziwiri zapagoli zokokera ngolo, kapena msoti woyambira khola, ndipo achita bwino, pakuti ngolo ndiyo ituta chimanga ndi manyowa, ndipo ndowe za m'khola ndizo zibweza nthaka m'minda yotsetsereka ya kumapiri kuno. Koma miyezi yomweyo ndiyo imene ng'ombe ziyenda kwambiri, kuchokera ku msika wa ku Mponela kunka ku Madisi, ku Malomo, ku Mvera ndi kwina, zina masana pamsewu, zina usiku m'njira zachidule. Nthenda nayo iyenda nazo.

Wina adzati, "Ine ng'ombe ndiidziwa poiona. Yodwala sindingagule." Apa ndipo pagona vuto lonse, pakuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Nthenda ya zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi ikalowa m'thupi la ng'ombe ikhala chete masiku 2 kufikira 14, ng'ombeyo ili kudya bwino ndi kuyenda bwino, ndipo itha kuyamba kupatsira zinzake dovu lisanayambe kuchucha, isanayambenso kutsimphina. M'masiku amenewo itha kugona m'khola limodzi, kumwa pa dambo lina, kuima pamsika tsiku lathunthu pakati pa ng'ombe za midzi yambiri, ndi kugulidwa ndi munthu wa boma lina.

Chigodola, chimene Azungu achitcha East Coast Fever, chibisala koposa apo. Ichi sichichoka pa ng'ombe kunka pa inzake mwa kukhudzana ayi. Chiyenda ndi nkhupakupa yofiirira ija ikonda kukhala m'makutu. Nkhupakupa ikali yaing'ono iyamwa magazi a ng'ombe yokhala ndi tizilombo, nigwa pansi m'udzu, nifundula, nidikira. Pokwera pa ng'ombe ina ndipo ilavulira tizilomboto. Patapita sabata ziwiri kapena kuposerapo muona mwanabere watupa pansi pa khutu ndi patsogolo pa phewa, thupi latentha, kupuma kwavuta, ndipo potsiriza thovu lituluka m'mphuno. Choopsa china nchakuti ng'ombe imene inadwala nichira isunga tizilomboto m'magazi mwake nthawi yaitali, ili yonenepa ndi yosalala. Chotero ng'ombe yachilendo itha kufika pamudzi mwezi wa June, imfa nkuyamba mvula itagwa, anthu onse ataiwala za kubwera kwake. Pamenepo ayamba kulozana zala ndi kutchulana ufiti, pamene buku likadayankha funsolo m'kanthawi kochepa.

Mudziwenso kuti chigodola chinakhazikika m'Chigawo cha Pakati ndi cha Kumpoto, ndipo ng'ombe zathu za linunda zobadwira konkuno zambiri zinakumana nacho zikali zazing'ono. Ng'ombe yochokera ku dziko kumene kulibe nthendayi, kapena ya mtundu wa mkaka, ikafika m'madambo athu yosatemeredwa ifa msanga. Kudziwa kumene ng'ombe yachokera kutchinjiriza khola lanu, kutchinjirizanso ndalama zimene mwaigulira.

ZINTHU ZITATU ZOSALEKANA

Kudziwika kwa ng'ombe kuli ngati mafuwa atatu: chizindikiro pa thupi lake, buku lolembamo, ndi kalata ya ulendo. Limodzi likachoka mphika ugwa.

Za chizindikiro sitichulutsa mawu. Makolo athu anali kudziwa ng'ombe zawo ndi maanga, nyanga ndi kachekedwe ka khutu, ndipo mbusa wabwino sasokoneza ng'ombe yake ngakhale pakati pa zambiri. Koma chidziwitso chotere chili m'mutu mwa munthu mmodzi. Mlendo sangachiwerenge, ndipo "ng'ombe yakuda ya chipumi choyera" ipezeka pafupifupi m'mudzi uliwonse. Chidindo cha chitsulo chamoto sichifufutika, koma chinena mwini kapena dera lokha, osati ng'ombe iyi payokha, ndiponso chiwononga chikopa chikaikidwa pamsana. Ndolo ya nambala yoboola pakhutu, imene mwaiona pa ng'ombe za mkaka, ndiyo ipatsa ng'ombe iliyonse dzina lakelake. Cholakwika chake nchakuti ithothoka m'minga, ndipo mbala itha kuidula. Ife tiona kuti pamudzi ndolo ndi kulemba maanga m'buku ziyenera kuyendera pamodzi.

Buku ndilo fuwa limene anthu alinyoza, chonsecho ndilo lalikulu. Nambala ya pakhutu yosalembedwa pena paliponse ndi chokongoletsa chabe. Akuluakulu akumbukira masiku amene kusambitsa ng'ombe kudibi kunali lamulo, kapitawo wa dibi ataima pachipata ndi kaundula wake, kuwerenga ng'ombe za munthu aliyense. Ikasowa imodzi anafunsa kuti yapita kuti. Ikawonjezeka imodzi anafunsa kuti yachokera kuti. Anthu ambiri anadana nako kuwerengako, poganiza kuti Boma lifuna msonkho kapena lifuna kuchepetsa ziweto zawo, ndipo sitinganene kuti mantha awo anali opanda maziko m'masiku amenewo. Koma kaundula uja anagwira ntchito imene mankhwala okha sakadaigwira. Kuyambira m'zaka za m'ma 1990, pamene Boma linasiya kuyendetsa madibi monga kale, madibi ambiri anaphwa, ndipo kuwerenga kuja kunaphwera limodzi.

Umboni wa mphamvu ya buku uli kwa anansi athu a kummwera. Chigodola chinalowa ku Southern Rhodesia mu 1901 ndi 1902 ndi ng'ombe zimene zinatsika m'sitima pa doko la Beira kuchokera ku German East Africa, nizifika ku Umtali, kumene lero ndi Mutare. Chinafalikira kufikira ku South Africa, nichipha ng'ombe zosawerengeka. Katemera wodalirika panalibe. Anachigonjetsa ndi dibi, mipanda, kuletsa maulendo, ndi kuwerenga ng'ombe kosalekeza: kubadwa kulikonse ndi imfa iliyonse zinalembedwa, ndipo ng'ombe ikafa anapaka magazi a kapamba wake pa galasi kuti akapimidwe. Ntchitoyo inatenga zaka zoposa 50, koma nthendayo inatha ku Southern Rhodesia mu 1954 ndi ku South Africa mu 1955.

Fuwa lachitatu ndi kalata ya ulendo, ndipo ili ndi lamulo la dziko lino. Lamulo la Control and Diseases of Animals Act la 1967 lipatsa akuluakulu a ziweto mphamvu yotseka dera limene mwabuka nthenda ndi kuletsa ziweto kulowa kapena kutuluka, ndipo lilamula mwini chiweto chodwala nthenda yopatsirana kuti achipatule ndi kukanena msanga. Wofuna kusamutsa ng'ombe kunka nayo kudera lina ayamba watenga chilolezo kwa mlangizi wa ziweto, amene aiona ng'ombeyo, nalemba kumene ichokera ndi kumene ipita. Kalata ya a nyakwawa yochitira umboni kuti wogulitsayo ndiye mwini wake ithandiza pa mlandu wa kuba, koma siilowa m'malo mwa chilolezo, pakuti a nyakwawa adziwa anthu awo, sapima nthenda. Amene azemba chilolezo poopa kuchedwa kapena kulipira pang'ono aganize za ichi: dera likatsekedwa, msika utsekedwa kwa onse, nyama siigulitsidwa, ndipo ngolo ya munthu wosalakwa iima pakhomo chimanga chili kumunda.

MAIKO ENA ACHITA BWANJI

Ku Britain mu 2001 nthenda ya zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi inaoneka koyamba mwezi wa February pa malo ophera nkhumba ku Essex. Polondola anapeza kuti inayambira pa khola la nkhumba kumpoto kwa England, ndi kuti nkhosa zogwidwa nayo zinali zitadutsa kale pa misika ya Hexham ndi Longtown nizimwazikana m'dziko lonse. Ng'ombe za kumeneko zinali nazo kale ndolo ndi makalata, koma nkhosa zinalibe nambala iliyonse payokha, ndipo kuzitsata kunachedwa. Ziweto zoposa 6 miliyoni zinaphedwa chaka chimenecho.

Ku United States lamulo la 2013 linati ng'ombe zodutsa malire a chigawo chimodzi kulowa china zikhale ndi chizindikiro cha Boma ndi kalata. Kuyambira pa 5 November 2024 ndolo zatsopano zoikidwa pa ng'ombe zotere ziyenera kukhala zowerengeka ndi maso ndiponso ndi makina. Lamuloli likhudza ng'ombe zosafula za miyezi 18 kunka m'tsogolo, ng'ombe zonse za mkaka, ndi zopita ku zionetsero. Ndolo ya makina ili ndi manambala 15, ndipo 3 oyamba anena dziko: a United States ndi 840, ndipo pa mndandanda womwewo Malawi ndi 454. Pafupi ndi ife, Botswana ndi Namibia, maiko ogulitsa nyama ku Ulaya, alemba ng'ombe iliyonse payokha m'kaundula wa dziko, chifukwa wogula wa kutali salola nyama imene mbiri yake siidziwika.

Lamulo la ku United States lija litchulanso bison, chinyama chonga njati, chaubweya wambiri ndi linunda lalikulu, chimene alimi ena kumeneko achiweta m'mipanda ngati ng'ombe, ndipo chidwala nthenda zina zofanana ndi za ng'ombe. Njati yathu siiwetedwa, ndipo palibe angaiboole khutu m'tchire. Koma isunga nthenda ya zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi zaka zingapo yosaoneka kudwala, ndiyo chifukwa chake nthendayi yabuka kawirikawiri ku Chikwawa ndi ku Nsanje, kumene ng'ombe ziyandikana ndi njati za ku Lengwe. Isunganso mtundu wina wa chigodola wopha ng'ombe msanga. Inu a ku Ntchisi okhala m'mphepete mwa nkhalango ya nyama ya Nkhotakota, imene bungwe la African Parks liyang'anira kuyambira mu 2015, musadyetse ng'ombe kumene njati zidya kapena kumwa, ndipo wogula ng'ombe yochokera m'malire otero afunse bwino kumene inali kudya.

Tsono mlimi wa ng'ombe zinayi kapena zisanu sayenera kudikira makina. Kabuku ka ana a sukulu kakwana. Ng'ombe iliyonse ikhale ndi tsamba lake: nambala ya ndolo ngati ilipo, maanga ndi nyanga, tsiku lobadwa kapena logulidwa, dzina la wogulitsa ndi mudzi wake ndi mfumu yake, masiku a katemera, ndi kumene inapita pochoka m'khola. Zolowola, zobwereketsa kwa mbale ndi zoikiza kwa mnansi zilembedwenso, pakuti nthenda siisankha kuti iyi yagulidwa, iyi yaperekedwa mwaulemu. Chilolezo chimene chinadza ndi ng'ombe chisungidwe m'kabuku momwemo.

Ng'ombe yatsopano isalowe m'khola tsiku lofika. Ipoperedwe mankhwala a nkhupakupa, makamaka m'makutu ndi pansi pa mchira, ndipo idye ndi kumwa payokha sabata zitatu kapena zinayi. Katemera wa chigodola apangidwa ku Lilongwe komweko, pa Centre for Ticks and Tick-Borne Diseases, ndipo mwana wa ng'ombe wotemeredwa aikidwa ndolo yosonyeza kuti watemeredwa. Funsani mlangizi wa ziweto wa kwanu za katemerayu. Ndolo ikathothoka kaneneni kuti aike ina, ndipo nambala yakale ndi yatsopano zilembedwe pa tsamba limodzi. Ndolo ya ng'ombe yakufa kapena yophedwa isaikidwe pa ng'ombe ina, ngakhale ikali yatsopano, pakuti potero buku lidzanena kuti yakufayo ili moyo, ndipo dokotala wolondola nthenda adzapita ku khola lolakwika.