Insulini kwa Munthu Wopanda Shuga

Abale anga, wodwala wanu akapatsidwa insulini ku University Hospital Lewisham pomwe alibe matenda a shuga, musathamangire kunena kuti adokotala asokoneza. Ndaona mabanja athu akutekeseka nazo zimenezi.

Impso zikafooka, potaziyamu amachuluka m'magazi, ndipo akafika pa 6.5 mtima ukhoza kuima mwadzidzidzi. Kashiamu amateteza mtimawo, kenako amaika mayunitsi 10 a insulini ndi magalamu 25 a gulukosi m'diripi. Insuliniyo amakankhira potaziyamu m'maselo kwa maola ochepa chabe, samuchotsa m'thupi. Amatsitsanso shuga, n'chifukwa chake anamwino amayeza pafupipafupi. Wodwala akayamba thukuta kapena kunjenjemera, aitaneni msanga.

Inu odwala impso, mchere wa LoSalt uja usiyeni. Ngwodzaza potaziyamu.