Matanthauzo ndi Kagwiritsidwe Ntchito ka Mawu Oti "Kachirombo" Pakati pa Achewa a ku Mkaika

1. Chiyambi

M'nkhani ino tikusanthula momwe dzina loti kachirombo lasenzera matanthauzo a sayansi ndi zachipatala. Zitsanzo zathu ndi za Chichewa cha ku Mkaika, likulu la Kalonga Gawa Undi m'boma la Katete, komanso cha ku Sinda ndi Vubwi.

2. Gwero la mawuwa

Dzinali likuchokera ku chirombo, la m'gulu la chi-zi, lomwe limatanthauza nyama yolusa ya kuthengo. Ovina Gule Wamkulu, amene amadzaza bwalo pa mwambo wa Kulamba mwezi wa Ogasiti, amatchedwanso zirombo. Mphatikiri wochepetsa ka- amasamutsira dzinali m'gulu la ka-ti, ndipo timapeza kachirombo ndi tizirombo. Kukula kwa chinthu kwachepa, koma ganizo la kuopsa latsalira.

3. Matanthauzo

Tiyeni tione ziganizo izi:

(1) Tizirombo tafumbula chimanga m'nkhokwe.
(2) Udzudzu umafalitsa tizirombo toyambitsa malungo.
(3) Malemuwo anali ndi kachirombo.

Mu (1) tizirombo nto oneka ndi maso, monga anankafumbwe. Mu (2) nto saoneka, ndipo tanthauzoli linakhazikika kudzera m'sukulu ndi m'zipatala monga cha St Francis ku Katete. Mu (3) palibe mawu ofotokozera, komabe womvera aliyense amadziwa kuti akunena HIV. Chiyambire 1984, pamene Edzi inapezeka koyamba m'Zambia, dzinali lasanduka njira yozembera kutchula nthendayo. Ngakhale m'chaka cha 2020 olankhula ankayenera kunena kuti kachirombo ka korona pofuna kusiyanitsa.

4. Vuto lake

Dzina limodzili likuimira vairasi, bakiteriya ndi tizirombo ta malungo, zinthu zosiyana chilengedwe ndi machiritso omwe. Mankhwala opha bakiteriya wa chifuwa chachikulu sachita kanthu pa vairasi wa chimfine. Wodwala wouzidwa kuti "muli ndi kachirombo" angathe kuumirira mankhwala osayenera, kapena kupita kwawo ali ndi mantha a nthenda imene alibe.

5. Mathero

Sitikuona chifukwa chopekera mawu atsopano. Tikupempha aphunzitsi ndi omasulira kuti asamasiye dzinali lili lokha, koma azitchula nthenda yomwe kachiromboko kamayambitsa, monga mu (2).