WILIBALA, NGOLO KAPENA INJINI: COGULA N'CITI?

Munthu wogwira nchito kumigodi ya ku Kitwe, ku Mufulira kapena ku Solwezi akasunga ndarama zaka zingapo, mtima wace umayamba kulinga kumudzi. Ambiri ocokera ku Lundazi, kwa Mwase ndi kwa Magodi, amatumiza ndarama kwa abale ao kuti agule cinthu copeputsa nchito ya kumunda, ndipo ena amasunga penshoni yao kuti akagule okha pobwerera. Pamenepo pamauka funso: kodi agule wilibala, ngolo ya ng'ombe, kapena cotengera katundu ca injini? Wosankha molakwa amataya m'mwezi umodzi thukuta la zaka zambiri.

Funso lomweli limabvutanso anthu a maiko akutali. Ku England anthu amaweta akavalo m'mabusa ocingidwa ndi mpanda. Kavalo mmodzi wamkulu amataya ndowe zokwana makilogalamu 15 kapena kuposa pa tsiku, ndipo mwini wace amazitola kawirikawiri, cifukwa m'ndowemo muli mazira a njoka za m'mimba, zimene kavalo angazidyenso pamodzi ndi msipu. Wokhala ndi kavalo mmodzi kapena awiri amatola ndi wilibala. Wokhala ndi ambiri, pa busa lalikuru kapena la matope, amagula kangolo ka injini. Onsewo amayamba ayesa kulemera kwa katundu ndi kutalika kwa njira.

Ku Lundazi akavalo saonekaoneka. Kucigwa ca Luangwa, kwa Chitungulu ndi kwa Mwanya, kuli nchenche za kashembe, zimene zimapatsa akavalo ndi ng'ombe nthenda yakupha, zimapatsanso anthu kaodzera. Cuma ca mlimi wa kumtunda ndico khola la ng'ombe, ndipo nchito yace yotuta ili yambiri: manyowa ocoka kukhola kunka kumunda, cimanga ndi nsawa zocoka kumunda kunka kunkhokwe, thonje lopita kumsika, madzi, nkhuni ndi njerwa.

Wilibala ndiye wa mtengo wocepa pa zonse zitatu. Sadya, samwa, sadwala. Gudumu lace limasenza gawo lalikuru la katundu, ndipo manja a munthu amanyamula gawo lotsala. Cifukwa cace wodziwa nchito amaika zolemera kutsogolo, pafupi ndi gudumu. Amalowa pakhomo lopapatiza la khola, amapita pakati pa mizere ya kudimba, ndipo akathyoka, mmisiri wa pa boma amamuocerera tsiku lomwelo. Koma gudumu limodzi limatitimira mumcenga ndi m'matope a kudambo, ndipo mphamvu yonse imacokera m'msana wa munthu.

Ciwerengero cosabvuta cionetsa malire ace. Mlimi afune kuthira thani imodzi ya manyowa, ndiye makilogalamu 1,000, pa lima imodzi, imene ili gawo limodzi la magawo anai a hekita. Akamatenga makilogalamu 50 pa ulendo, ayenda maulendo 20. Munda ukakhala pa mtunda wa mamita 100 kucokera kukhola, kupita ndi kubwera konse kukwana makilomita 4, nchito ya tsiku limodzi. Koma munda ukakhala pa mtunda wa kilomita imodzi, munthu yemweyo ayenda makilomita 40, ndipo theka la ulendowo ali kukankha katundu. Minda yambiri ili kutali ndi mudzi, ndipo ici ndi cimodzi ca zifukwa zimene manyowa amaunjikana m'makola pamene cimanga cili kufiira m'munda.

Ngolo ya ng'ombe, imene ena amaicha cikocikale, imathetsa bvuto limeneli. Ng'ombe ziwiri zophunzitsidwa bwino zimakoka matumba 10 a makilogalamu 50 pa njira yabwino. Thani ija ya manyowa imatha pa maulendo awiri, makilomita 4 m'malo mwa 40. Ngolo si cinthu cacilendo kum'mawa kwa Zambia. Boma la atsamunda litayamba Peasant Farming Scheme m'caka ca 1948, linkakongoza alimi osankhidwa ng'ombe ndi zipangizo zolimira, ndipo kuyambira masiku amenewo pulawo ndi ngolo zinafalikira pang'onopang'ono m'midzi. Ubwino wa ng'ombe ngwakuti zimagwira nchito zitatu: zimakoka ngolo, zimalima, ndipo zimapereka manyowa amene ngoloyo imatuta. Amisiri a m'matauni ang'ono amapanga ngolo ndi ekiselo ndi matayala a galimoto zakale, kotero zokonzera zace sizisowa kwambiri.

Komabe ngolo ili ndi mangawa ace. Kumtunda kuli nthenda ya cigodola, yodza ndi nkhupakupa, imene imapha makamaka ana a ng'ombe. Mwini ng'ombe ayenera kuzipititsa kudibi kapena kuzipopera mankhwala, ndi kumvera alangizi a ziweto pa za katemera. Pafunikanso mbusa, ndipo si bwino kuti mwana aleke sukulu cifukwa ca ng'ombe. Mwezi wa October ndi November, pamene nchito yotuta manyowa ndi yolima icuruka, ndiyo nthawi imene msipu wauma ndipo ng'ombe zaonda; wanzeru amazisungira mapesi ndi masangwi a nsawa. Ng'ombe imodzi ikafa, goli limagona pansi kufikira ina itapezeka. Kucigwa, kumene kuli kashembe, kugula ng'ombe zokoka ngolo kuli ngati kutaya ndarama m'madzi.

Cotengera ca injini cili ca mitundu iwiri: njinga yamoto ya magudumu atatu yokhala ndi bokosi kumbuyo, ndi thirakitala yaing'ono ya magudumu awiri yokoka ngolo. Zonsezi zimathamanga koposa ng'ombe, sizitopa, ndipo kashembe sazicita kanthu. Munthu wozolowera makina a kumgodi amakopeka nazo msanga. Koma walira mvula walira matope. Injini imafuna petulo kapena dizilo tsiku liri lonse limene igwira nchito, ndipo Zambia alibe nyanja ya mcere: mafuta amacokera kunja, ena kudzera mupaipi ya TAZAMA yocoka ku Dar es Salaam kufika ku Ndola, imene inatsegulidwa m'caka ca 1968. Pofika kumudzi, kumene amagulitsidwa m'mabotolo, mtengo wace wakwera. Kacitsulo kakang'ono kakaonongeka, mwina kapezeka ku Chipata, ulendo wa makilomita pafupifupi 180, mwina ku Lusaka. Kumgodi kuli sitolo ya zokonzera ndi amakaniko olipidwa ndi kampani. Kumudzi mwini injini ndiye kampani.

Cinanso ndi ici: nchito yotuta ya banja limodzi imatha m'masabata owerengeka pa caka. Injini yoima miyezi yambiri sibweza ndarama imene inagulidwa nayo. Imapindula ngati mwini wace atengera anthu ena katundu molipiritsa, monga thonje, soya ndi mpendadzuwa kunka kumsika, kapena mcenga ndi njerwa za omanga nyumba pa boma. Imeneyo ndi bizinesi, yofuna buku lolembamo zolowa ndi zoturuka, ndi woyendetsa wokhulupirika. Injini yosiyidwa m'manja mwa mphwace wa munthu, mwini wace ali ku Kitwe, kawirikawiri imabala milandu pa cibale.

Tsono wofuna kugula ayambe wafunsa mafunso anai. Kodi katundu wa caka conse ngwolemera bwanji? Kodi munda uli kutali motani, ndipo njira yace njotani m'nyengo ya dzinja? Kodi cinthuco cikaonongeka, adzacikonza ndani, ndipo ali kuti? Kodi pa miyezi yopanda nchito cidzadya ciani? Wa dimba ndi khola la pafupi ndi nyumba, wilibala amkwanira. Wa munda wakutali kumtunda aike ndarama zace pa ng'ombe ziwiri, goli ndi ngolo, nasiye zina za mankhwala. Injini iyenera munthu wokhala pafupi ndi mseu ndi msika, amene waona kale anthu oti adzamlipira.

Kalata yopita kumudzi isanene za kugula, iyambe yafunsa amene amasenza katunduyo pamutu masiku onse, ndiwo amai ndi alongo. Iwo adziwa mtunda wa kumunda ndi wa kucitsime koposa munthu ali yense wa kutauni.